Ndalama za mamailosi ku America: zimene zimadulidwa msonkho ndi zimene sizidulidwa

Anthu awiri angathe kugwira ntchito yofanana ku America, kuyenda mtunda wofanana pa galimoto zawozawo, n'kulandira kwa abwana awo ndalama zofanana zolipirira maulendowo, koma wina n'kudulidwa msonkho pa ndalamazo, mnzake osadulidwa ngakhale senti. Sikuti wina ali ndi mwayi. Bungwe lotolera msonkho la dzikolo, IRS, lilibe nazo ntchito zoti kampani yazitcha bwanji ndalamazo, kaya za mafuta, za galimoto kapena za mamailosi. Chimene limayang'ana ndi njira imene ndalamazo zadutsa, komanso ngati pali kaundula wosonyeza kuti galimotoyo inapitadi kumene mukunenako, ndipo inapitira ntchito ya abwana.

Nkhaniyi imakhudza kwambiri osamalira odwala ndi okalamba m'makomo, amene tsiku lonse amachoka kwa uyu kupita kwa uyo. Imakhudzanso otsatsa malonda, amisiri oyenda ndi zida kukakonza zinthu, ndi aliyense amene amatumidwatumidwa pa galimoto yake.

Tiyambe ndi mtengo. Chaka chilichonse IRS imalengeza ndalama zimene imaona kuti zimalowa pa mailo imodzi yoyenda pa ntchito, ndipo mailo imodzi ndi makilomita pafupifupi 1.6. Mu 2023 mtengowu unali masenti 65.5, mu 2024 unali masenti 67, mu 2025 unafika masenti 70. Chaka cha 2022 chinali ndi mitengo iwiri: masenti 58.5 mpaka kumapeto kwa Juni, kenako masenti 62.5 kuyambira pa 1 Julayi, chifukwa mafuta anali atakwera kwambiri. Zitsanzo za m'munsimu zikutengera masenti 70, koma inu muzitsata mtengo wa nthawi imene munayenda ulendowo. Ngati munayenda mu Disembala koma ndalama zatuluka mu Januwale, mtengo wake ndi wa Disembala uja. Galimoto ya petulo, ya dizilo, ya magetsi, mtengo ndi umodzi.

Ambiri akaona masenti 70 amawerengera mafuta okha, n'kuganiza kuti apindula. Mtengowu si wa mafuta okha. M'kati mwake muli oyilo, matayala, mabuleki, sevisi, inshuransi, ndalama zolembetsera galimoto, ndi kutsika kwa mtengo wa galimotoyo pamene ikukalamba. Pa masenti 70 a mu 2025, IRS inati masenti 33 ndi a kutsika mtengoko, ndiye kuti pafupifupi theka. Amene amadya ndalama zonse zotsala akathira mafuta amadzazindikira tsiku limene giyabokosi yafa kuti amadya galimoto yake yomwe. Ndi bwino kupatula gawo lina mwezi ndi mwezi, chifukwa ndalama imeneyi si bonasi.

Zimene sizili mu mtengowu ndi ndalama za pa toligeti ndi zoimikira galimoto kumene mwapitira ntchito. Zimenezi abwana angakubwezereni padera, popanda msonkho, bola zilembedwe ndipo malisiti asungidwe. Chindapusa cha apolisi apamsewu sichilowa m'gululi, ngakhale munathamanga chifukwa chofulumirira ntchito.

Mfundo zitatu zimene zimateteza ndalamazi

Kuti ndalama zobwezeredwazi zisawerengedwe ngati malipiro, kampani iyenera kuzilipira mwa dongosolo limene malamulo amalitcha accountable plan. Dongosololi lili ndi mfundo zitatu, ndipo zonse ziyenera kukwaniritsidwa. Yoyamba, ulendo ukhale wa ntchito ya abwanawo. Yachiwiri, wogwira ntchito apereke umboni wa ulendowo pa nthawi yake. Yachitatu, ngati analandira ndalama zopitirira maulendo amene wapereka umboni wake, abweze zotsalazo.

Mawu akuti pa nthawi yake ali ndi masiku amene IRS imavomereza popanda kufunsa zambiri. Ndalama zolandiriratu zisatsogole ndi masiku opitirira 30 ulendo usanachitike. Umboni uperekedwe m'masiku 60 ulendo utachitika. Zotsala zibwezedwe m'masiku 120. Pali njira inanso, yoti kampani izipereka chikalata kwa wogwira ntchito kosachepera kamodzi pa miyezi itatu iliyonse, chomuuza ndalama zimene sanazifotokoze, iye n'kukhala ndi masiku 120 oti afotokoze kapena abweze.

Zikayenda chonchi, ndalamazo sizioneka m'pang'ono pomwe pa malipiro a pa fomu ya W-2, imene abwana amapereka chaka chilichonse kusonyeza malipiro anu ndi msonkho umene unadulidwa. Sizidulidwa msonkho wa boma lalikulu, sizidulidwa za Social Security (penshoni ya boma) ndi Medicare (inshuransi ya boma ya zaumoyo ya okalamba), ndipo simuzilemba paliponse pokhoma msonkho wa chaka. Mwachitsanzo, mwayenda mamailosi 800 a ntchito pa mwezi, mwapereka kaundula, abwana alipira masenti 70 pa mailo. Mwalandira $560, ndipo yonseyo ndi yanu.

Tsopano tione mnzanu amene amangopatsidwa $500 ya galimoto mwezi uliwonse, osafunsidwa kumene wapita. Kwa iye zikuoneka zopepuka, palibe zolembalemba. Koma ndalama imeneyo ndi malipiro ngati ena onse. Pamachoka 7.65 peresenti, yomwe ndi 6.2 ya Social Security ndi 1.45 ya Medicare. Ngati ali m'gulu lokhoma 12 peresenti ku boma lalikulu, zonse pamodzi ndi $98.25, amatsala ndi $401.75. Ngati ali m'gulu la 22 peresenti pamachoka $148.25. Apa sitinawerengere msonkho wa siteti, m'masiteti amene amadula. Nayenso bwana amawonjezera 7.65 peresenti yakeyake, yomwe ndi $38.25 mwezi uliwonse. Onse awiri akutaya ndalama chifukwa chosafuna kulemba mizere ingapo. Kampani imene imafunitsitsa kupereka ndalama yokhazikika ingathe kuisandutsa ndalama yolandiriratu: ipereke $500, mwezi ukatha wogwira ntchito abweretse kaundula, ngati mamailosi ake akukwana $420 abweze $80 yotsalayo.

Pamenepa pali kusiyana kumene kumasokoneza ngakhale owerengera ndalama m'makampani aang'ono. Ngati dongosolo la kampani limalamula kubweza zotsala, koma munthu mmodzi sanabweze pa nthawi yake, zimene zimadulidwa msonkho ndi zotsalazo zokha. Koma ngati dongosololo silifuna umboni, kapena limalola anthu kusunga zotsala, ndiye kuti si accountable plan n'komwe, ndipo ndalama yonse imadulidwa msonkho kuyambira dola yoyamba. Zikatero kaundula wanu, ngakhale akhale wolongosoka chotani, sakupulumutsani, chifukwa vuto lili pa dongosolo la kampani.

Abwana akalipira kupitirira mtengo wa IRS nkhani yake ndi yosiyana pang'ono. Tinene kuti amalipira masenti 75, ndipo pa chaka mwayenda mamailosi 9,600 olembedwa bwino. Mwalandira $7,200. Pa mtengo wa IRS zikanakhala $6,720. Simukakamizidwa kubweza $480 yapamwambayo, popeza mamailosi onse munayendadi, koma imeneyo imawerengedwa ngati malipiro ndipo imadulidwa msonkho. Pa W-2, $480 imalowa m'mabokosi 1, 3 ndi 5, pamene $6,720 imalembedwa m'bokosi 12 ndi chilembo L. Ambiri akaona nambala yaikulu m'bokosi 12 amachita mantha. Imeneyo ndi yongodziwitsa, siyidulidwa msonkho.

Cholakwika china chofala ndi kulandira kawiri pa chinthu chimodzi. Kampani yapereka khadi yothirira mafuta, n'kumalipiranso masenti 70 onse pa mailo. Mafuta ali kale m'masenti 70 aja, choncho zonse zikaphatikizidwa zimadutsa mtengo wovomerezeka, ndipo zapamwambazo ndi malipiro odulidwa msonkho. Kampani yopereka khadi ya mafuta iyenera kutsitsa mtengo wa pa mailo.

Ulendo wa ntchito ndi uti

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa, ndipo ndi pofunika kuchedwapo. Ulendo wochoka kunyumba kupita kumalo anu ogwirira ntchito a masiku onse, ndi wobwerera madzulo, si ulendo wa ntchito pa nkhani ya msonkho. Ndi ulendo wanu. Zilibe kanthu kuti mumakhala kutali bwanji, kapena kuti kulibe basi. Kunyamula zida m'buti sikusintha kanthu. Kuyankha foni ya kasitomala muli m'njira sikusintha kanthu. Kumata dzina la kampani pa chitseko cha galimoto sikusinthanso kanthu. Ndalama zoimikira galimoto pa malo anu a ntchito a masiku onse sizili m'gulu la ndalama za maulendo a ntchito. Abwana akasankha kukulipirani mamailosi a ulendo wa m'mawa ndi madzulowu, palibe choletsa, koma ndalamazo ndi malipiro ndipo zidulidwa msonkho.

Ulendo wochoka ku ofesi kupita kwa kasitomala, wochoka kwa kasitomala mmodzi kupita kwa wina, wopita ku banki kapena ku positi ofesi pa ntchito ya kampani, wochoka nthambi ina kupita nthambi ina tsiku lomwelo, yonseyi ndi ya ntchito.

Chovuta chili pa ulendo woyamba ndi womaliza wa tsiku. Lamulo limene IRS imatsata, Revenue Ruling 99-7, limapereka njira zitatu zimene ulendo woyambira pakhomo ungakhalire wa ntchito. Ngati muli ndi malo okhazikika ogwirira ntchito, ndiye tsiku lina mwatumidwa kuchokera kunyumba kupita kumalo osakhalitsa, ulendowo ndi wa ntchito, kaya ndi pafupi kaya ndi patali. Malo osakhalitsa ndi amene mukuyembekezeka kugwirako ntchito chaka chimodzi kapena kucheperapo, ndipo tsiku limene zadziwika kuti ntchitoyo ipitirira chaka, malowo asiya kukhala osakhalitsa kuyambira tsiku lomwelo. Ngati mulibe malo okhazikika, koma mumagwira ntchito m'malo osiyanasiyana mumzinda umene mumakhala ndi madera ozungulira, ulendo wochoka kunyumba umawerengedwa wa ntchito pokhapokha malo osakhalitsawo ali kunja kwa dera limeneli. Njira yachitatu ndi ya munthu amene ofesi yake ya m'nyumba ndiyo likulu lenileni la ntchito yake monga mwa malamulo a msonkho. Kungokhala ndi tebulo ndi kompyuta pabalaza sikokwanira.

Tengani wosamalira okalamba amene alibe ofesi yopitako m'mawa. Wachoka kunyumba, mamailosi 9 kupita kwa mayi woyamba. Kuchoka kumeneko, mamailosi 6 kupita kwa wachiwiri. Kenako mamailosi 4 kupita nawo kuchipatala monga mwa ntchito yake, ndi 4 kubwerera. Kenako 7 kupita kwa wachitatu, ndipo pomaliza 11 kubwerera kunyumba. Galimoto yayenda mamailosi 41, koma a ntchito ndi 21 okha: 6, 4, 4 ndi 7. Mamailosi 9 oyamba ndi 11 omaliza ndi ake. Ngati masana anapatuka mamailosi 3 kukatenga mwana kusukulu, amenewo sawalemba. Zimawawa, chifukwa galimoto ikutha chimodzimodzi pa mamailosi onse 41, koma kulemba onsewo ngati a ntchito n'kudziika m'mavuto, inuyo ndi kampani yomwe.

Kaundula weniweni safuna zambiri. Pa ulendo uliwonse lembani tsiku, kumene mwachoka ndi kumene mwapita, chifukwa cha ulendo, ndi mamailosi ake. Mzere umodzi ungaoneke chonchi: 14 Meyi, kuchoka ku ofesi kupita kwa kasitomala ku msewu wakutiwakuti, kukaika mashini atsopano, mamailosi 12.4. Mawu ongoti "ntchito" pa chifukwa cha ulendo ndi osakwanira. Jambulaninso nambala ya odometer pa dashibodi, yosonyeza mtunda wonse umene galimoto yayenda, tsiku loyamba ndi lomaliza la chaka. Mapepala a kugalaja amathandiza, chifukwa amakaniko amalemba nambala imeneyi nthawi iliyonse galimoto ikalowa, ndipo manambala awo ayenera kugwirizana ndi anu. Kope la m'galimoto, fayilo ya pa kompyuta, kapena pulogalamu ya pa foni yotsata ulendo, zonse n'zololedwa. Chofunika n'chakuti zilembedwe nthawi yomweyo kapena posachedwa, ndipo IRS imavomereza kaundula wolembedwa sabata ndi sabata. Wolembedwa tsiku limodzi kumapeto kwa chaka amadziwika msanga: manambala onse othera ziro, maulendo a Lamlungu pamene kampani inali yotseka, mamailosi a masiku amene galimoto inali kugalaja. Pa nkhani za galimoto lamulo silola kungoyerekeza, choncho ulendo wopanda umboni umakanidwa wonse. Osamalira odwala asamale ndi mayina a odwala pa kaundula, ndi bwino kulemba nambala imene kampani inapereka kwa wodwala aliyense. Sungani kope lanulanu kwa zaka zosachepera zitatu, musangodalira limene munapereka ku ofesi.

Abwana akalipira zochepa, kapena osalipira n'komwe

Mtengo wa IRS si lamulo lokakamiza abwana. Umangosonyeza malire a ndalama zimene zingaperekedwe popanda msonkho, popandanso kubweretsa malisiti a mafuta ndi matayala. Kampani ingathe kulipira masenti 50, ndipo ndalamazo sizidulidwa msonkho. Funso ndi lakuti masenti 20 otsalawo apita kuti. Pa mamailosi 9,600 imeneyo ndi $1,920.

Kale wogwira ntchito ankatha kulemba zotsalazi pa fomu 2106 n'kuchotsera pa ndalama zokhomera msonkho. Lamulo la msonkho la mu 2017 linaimitsa zimenezi kuyambira 2018, ndipo lamulo lina la mu 2025 linazichotseratu. Fomu 2106 yatsalira magulu ochepa chabe: asilikali odikirira kuitanidwa pakafunika, akatswiri ena a zisudzo ndi nyimbo amene akwaniritsa zofunika, ogwira ntchito za boma la siteti kapena la dera amene amalipidwa ndi ndalama zimene anthu amapereka pa ntchito yawo, ndi olumala pa ndalama zowathandiza kugwira ntchito. Kwa pafupifupi ena onse olandira W-2, zimene abwana sanabweze zalowa m'madzi, kumbali ya boma lalikulu. Masiteti ena, monga California, New York ndi Pennsylvania, amalolabe kuchotsera ndalama zoterezi pa msonkho wa siteti, aliyense ndi malamulo ake. Ichi n'chifukwa chinanso chosungira kaundula ngakhale abwana sakufunsa.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti malangizo akale akuyendabe pakamwa ndi pakamwa. Munthu amauzidwa ndi mnzake kuti asadandaule, adzabweza pa msonkho, iye n'kuvomera ntchito yoyendayenda popanda kukambirana za mamailosi. Nthawi yokambirana ndi musanasaine, ndipo mafunso ake ndi achindunji: mumalipira zingati pa mailo, mumayamba kuwerenga pati, kaundula amaperekedwa liti, ndipo ndalamazo zimadulidwa msonkho kapena ayi.

Kumbali ya malamulo a ntchito, boma lalikulu silikakamiza abwana kubweza mamailosi, kupatula ngati ndalama zimene mukuwononga pa galimoto zikutsitsa malipiro anu enieni kufika pansi pa malipiro ochepetsetsa, omwe ndi $7.25 pa ola kuyambira 2009. Izi zimakhudza kwambiri operekera zakudya m'makomo. Masiteti ena amapita patsogolo. Ku California, gawo 2802 la malamulo a ntchito limalamula abwana kubweza ndalama zonse zofunika zimene wogwira ntchito wawononga pa ntchito. Ku Illinois lamulo lofanana nalo linayamba kugwira ntchito mu 2019, ndipo Massachusetts nayo imalamula kulipira maulendo a m'kati mwa tsiku la ntchito.

Pali chinyengo china chimene chimaoneka ngati chifundo. Abwana amati, malipiro ako ndi $900 pa sabata, koma $200 tiziilemba ngati mamailosi kuti usamadulidwe msonkho wambiri. Ngati mumalandira $900 yomweyo kaya mwayenda kaya simunayende, IRS imaona kuti amenewo ndi malipiro ongosinthidwa dzina, monga inafotokozera mu Revenue Ruling 2012-25, ndipo msonkho wonse umafunika pamodzi ndi zilango. Wogwira ntchito amaluzanso mwakachetechete, chifukwa ndalama zake za Social Security pa ukalamba, ndi zimene angalandire ntchito ikatha, zimawerengedwa potengera malipiro olembedwa. Ndalama za mamailosi zenizeni zimakwera ndi kutsika malinga ndi maulendo.

Njira zina ziwiri ndingozitchula mwachidule. Kampani ingathe kubweza ndalama zenizeni zimene zawonongedwa m'malo mwa mtengo wa pa mailo. Pamenepo pamafunika malisiti onse, ndipo zimagawidwa potengera gawo la mamailosi a ntchito pa mamailosi onse a chaka. Zikalembedwa bwino sizidulidwa msonkho ngakhale zipitirire masenti 70. Inayo ndi FAVR, imene imaphatikiza ndalama yokhazikika ya zinthu monga inshuransi ndi ndalama ya pa mailo ya mafuta ndi sevisi. Imafuna ogwira ntchito osachepera asanu m'dongosololo, aliyense woyenda mamailosi a ntchito osachepera 5,000 pa chaka, choncho imapezeka kwambiri m'makampani aakulu.

Amene amalandira fomu ya 1099 m'malo mwa W-2 nkhani yawo ndi ina. Iwo ndi odzilemba okha ntchito, ndipo mamailosi awo amachotsera okha pa Schedule C, fomu yolembapo ndalama zolowa ndi zotuluka pa bizinesi yawo. Ngati wowapatsa ntchito wawabwezera kale ndalama za mamailosi ndipo sanaziphatikize pa 1099, sangachotserenso mamailosi omwewo.

Chinthu chimodzi chimene si cha msonkho koma n'chosayenera kuchisiya: uzani kampani yanu ya inshuransi kuti galimoto imayenda pa ntchito. Inshuransi zambiri za anthu wamba sizilipira ngozi yochitika pamene mukunyamula katundu kapena anthu molipidwa, ndipo kulandira masenti a pa mailo sikutanthauza kuti abwana adzakonzetsa galimoto yanu ikawombedwa.

W-2 ikafika kumapeto kwa Januwale, ikani pambali pake pepala la malipiro lomaliza la chaka ndi kaundula wanu. Onani ngati ndalama za mamailosi zili pa mzere wakewake wosadulidwa msonkho, kapena zasakanizidwa ndi malipiro m'bokosi 1. Ngati munapereka kaundula pa nthawi yake, mtengo sunapitirire wa IRS, koma ndalamazo zawerengedwa ngati malipiro, pitani ku ofesi yolipira ndi makope a kaundulayo mukapemphe fomu yokonzedwa ya W-2c. Musangochotsa nokha nambalayo pokhoma msonkho, chifukwa IRS ili kale ndi kope la W-2 yoyamba ija, ndipo manambala akasiyana imalemba kalata.